Mphepo ya kwa Wimbe: ya m'buku ndi ya pa kanema

Mwana wa ku Amaramba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, akamva dzina la William Kamkwamba, n'zosakayikitsa kuti walimva kudzera mu filimu osati m'buku. Kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, kunyumba amayankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe, pomwe buku la William linalembedwa m'Chingerezi. Filimu yokha ndiyo ili ndi mwayi wodutsa malire pa Nayuchi ndi Entre Lagos ili m'foni ya munthu, n'kukaonetsedwa m'kanyumba kamavidiyo koyendera sola. Ndiye kodi mwanayo akaonera filimu basi, wapeza nkhani yonse kapena theka?

William anabadwa mu 1987 ndipo anakulira kwa Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi, n'kumakabwereka mabuku m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo zithunzi zake zinamuthandiza kupanga makina amphepo opangira magetsi. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. La ana aang'ono, lokhala ndi zithunzi za Elizabeth Zunon, linatuluka mu 2012, ndipo lina la ana okulirapo linabwera mu 2015. Filimu ya Chiwetel Ejiofor inafika pa Netflix mu 2019.

Okonda filimu ali ndi mfundo zolemera. Njala n'njovuta kuilongosola papepala kwa mwana amene sanaione, koma pa kanema amaona mzere wa anthu pa msika wa ADMARC, kukankhana, chimanga chikutha anthu asanagule theka. Amaona nkhope ya bambo amene walima ndi mphamvu zake zonse koma alibe choyankha ana. Filimuyi inajambulidwa ku Kasungu komweko, dothi lake ndi lomwelo, Gule Wamkulu akuoneka, ndipo mbali yaikulu ya zoyankhula ili m'Chichewa. Mafilimu otchuka padziko amene agogo a m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta angamve popanda womasulira ndi owerengeka kwambiri. Ndipo filimu amaonera anthu makumi atatu nthawi imodzi, odziwa kuwerenga ndi osadziwa omwe, pomwe buku limodzi limadikira mwini wake amalize.

Koma Chichewa chakecho ndicho chinautsa mapiri pachigwa. Ejiofor, amene anasewera ngati bambo a William, ndi wa ku Britain wa makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene anali William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi wa m'filimumo, anabadwira ku Senegal. Amalawi ambiri anadandaula kuti mawu ena sakumveka, ndipo kusiyana kumaonekera poyera Lily Banda, mwana wa kwathu, akatsegula pakamwa. Dandauloli n'loona, koma ine sindilitenga ngati mlandu waukulu. Opanga filimuyi akanasankha Chingerezi chokhachokha, mwana wa ku Amaramba sakanatolapo kanthu. Chichewa chopunduka chimaseketsa, koma chimafikabe m'khutu.

Mlandu weniweni uli pa zimene filimu inachita ndi makinawo. Pa kanema, makina amphepo akupopa madzi pachitsime, madzi akuyenda m'mizere, mbewu zikumera, mudzi wapulumuka ku njala. N'zokoma kuona, ndipo misozi imalengeza. Koma m'buku sizinayende choncho. Makina oyamba anayatsa babu, kenako mababu ochepa ndi wailesi panyumba pawo, ndipo nthawi imeneyo njala yoopsayo inali itadutsa kale. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, William atadziwika, atakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007 ndipo anthu akufuna kwabwino atathandizapo ndi ndalama. Filimu inatenga zaka zingapo n'kuzipanikiza mu nyengo imodzi. Mwana woonera angaganize kuti nzeru za mnyamata mmodzi zinathetsa njala, pomwe njalayo inali ndi eni ake: mvula yosokonekera, chimanga cha m'nkhokwe za boma chomwe chinagulitsidwa, ndi atsogoleri amene anachedwa kuvomereza kuti anthu akufa.

Chinanso chimene buku limasunga ndi kapangidwe. Limakuyendetsa pang'onopang'ono: fani ya thirakitala yotoledwa pa zitsulo zotayidwa, mapaipi apulasitiki owotchedwa n'kuphwathalalitsidwa kuti akhale mapiko, njinga yakufa ya bambo ake, nsanja ya mitengo ya bulugamu, dayinamo imene mnzake Gilbert anamugulira, swichi yopangidwa ndi labala wa patapata. Limanenanso zimene zinalakwika, mawaya kupsa ndi tcheni kuduka. Mwana amene ali ndi mtima wofuna kumasula wailesi angatseke tsamba, kukayesa, kulephera, n'kubwereranso pa tsamba lomwelo. Filimu sidikira munthu. Zonsezi zimadutsa m'mphindi zochepa nyimbo ikulira.

Bukunso siliopa zinthu zochititsa manyazi. William akusimba mmene anatemeredwa mangolomera kuti akhale wamphamvu, n'kukamenyedwa bwino lomwe. Akusimbanso mmene anthu ena, mvula itavutanso, anayamba kuloza makina ake kuti ndiwo akuthamangitsa mitambo. Mwana wa kumudzi amazidziwa zimenezi, ndipo kuziwerenga kumamuuza kuti William anali mnyamata ngati iye, wokhulupirira zomwe anzake amakhulupirira.

Komabe tisalikweze buku mopitirira. Nalonso linasefedwa. La zithunzi la 2012 ndi la masamba ochepa, ndipo njala yonse yadutsidwa m'mizere yowerengeka kuti ana a ku America asachite mantha pogona. Ngakhale lalikululo linadutsa m'manja mwa Mealer, mtolankhani wa ku Texas amene ankadziwa zomwe owerenga akwawo amafuna. Choncho kusintha nkhani sikunayambe ndi Ejiofor.

Nditati ndisankhire mwana wa giredi 6 ku Amaramba, ndingayambe ndi filimu, chifukwa ndiyo angaipeze ndipo ndiyo angaimve. Koma ndingafune mphunzitsi wake akhale pafupi filimuyo ikatha, amuuze kuti madzi aja sanatuluke chaka chimenecho, kenako ajambule dayinamo pa bolodi ndi kulongosola m'Chinyanja chifukwa chake babu imayaka gudumu likazungulira. Dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa ana m'ziyankhulo zakwawo pamodzi ndi Chipwitikizi m'sukulu zina mu 2003, ndipo Chinyanja chili m'gulu la ziyankhulozo. Mpata wa phunziro lotere ulipo kale m'kalasi, ndipo dayinamo ya njinga si yosowa pa msika wa ku Insaca, m'boma la Mecanhelas.