Mapiko Ali M'tsinde

Dzuwa la Okutobala likafika pachimake, nkhani ya fani imalowa m'nyumba zambiri. Sabata ino tilingalire za fani ya mtundu wina, yomwe amati ndi yopanda mapiko. Achinyamata ambiri akaiona m'sitolo kapena pa foni amaima n'kufunsa kuti mphepo yake ikuchokera kuti.

M'mwezi wa Okutobala 2009, kampani ya Dyson ya ku Britain, imene anayambitsa James Dyson, inatulutsa fani yotchedwa Air Multiplier. Pamwamba pake pali mkombero wopanda kanthu pakati, moti munthu akhoza kupisamo dzanja osavulala, mphepo ikutuluka. Mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 200 ku Britain ndi madola 300 ku America, pamene fani wamba inkagulidwa ndi kagawo kochepa ka ndalama zimenezi. Anthu anagawikana. Ena anazizwa nati nzeru za munthu zafika patali. Ena ananyoza nati mphepo ndi mphepo basi, n'kutayiranji ndalama. Enanso anakumbutsa kuti ganizoli silinali lachilendo kwenikweni, pakuti m'chaka cha 1981 kampani ya ku Japan imene lero timaitcha Toshiba inali italembetsa kale luso lofanana nalo.

Ife tikuona kuti mtsutso wonsewo unathera pa mkombero ndi pa mtengo, pamene chinsinsi chili pansi. Kunena zoona, mapiko alipo. Anawabisa m'tsinde la faniyo. M'menemo muli kamota kamene kamazunguza timapiko, ndipo timapikoto timayamwa mpweya kudzera m'timabowo ta m'mbali n'kuukankhira mumkombero. Mpweyawo umatulukira mwaliwiro pa kampata kopyapyala kozungulira mkomberowo, n'kumakoka mpweya wina wa kumbuyo ndi wa m'mbali. Eni ake ankati mwa njira imeneyi mphepo imachuluka ka 15. Tsono mukazimitsa kamota kaja, mkombero wokongolawo umangokhala chokongoletsa m'nyumba.

Tisaipondereze faniyi. Ubwino ili nawo: kamwana sikangadulidwe chala, ndipo kupukuta fumbi n'kosavuta. Amene ali ndi ndalama zake, atasamala kale za banja ndi za osowa, sanachimwe poigula. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi mtima umene dzina lakelo limadzutsa mwa ife, mtima wokhulupirira kuti zabwino zingabwere popanda chozizunguza.

Tadzifunseni, achinyamata anzathu. Ndi angati amene amafuna satifiketi ya MSCE koma mabuku amawatsegula kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso ayambe? Ndi angati amene atenga katapila kuti ukwati wawo uoneke bwino pa zithunzi, koma maphunziro okonzekera sakramentilo anapitako mokakamizidwa? Tsiku la chikondwerero cha parishi gulu lathu limadzaza tchalitchi, koma pa tsiku la mphakati kapena lokazonda odwala timapezeka owerengeka. Ndipo ena mwa ife pemphero likayamba kuuma amanyamuka kukafuna kumene akuti kuli zozizwitsa zatsopano, ngati kuti Mzimu Woyera amayezedwa ndi chilendo cha zooneka. Tonsefe tikufuna mkombero, tsinde tikulithawa.

Ambuye Yezu anayamba ntchito yao yapoyera ali ndi zaka pafupifupi 30. Zaka zam'mbuyozo anazithera ku Nazarete, akumvera Maria ndi Yosefe ndi kugwira ntchito ya manja. Atabwerera kukaphunzitsa m'sunagoge wa kwao, anthu a m'mudzimo anawakayikira chifukwa ankawadziwa bwino pamodzi ndi abale ao, ndipo sanaone chachilendo mwa iwo. Teresa Woyera wa ku Lisieux, amene timamukumbukira pa 1 Okutobala, anamwalira m'chaka cha 1897 ali ndi zaka 24, atakhala zaka zake zomaliza m'nyumba ya masisitere a Karimeli. Komabe m'chaka cha 1927 Papa Pio XI anamusankha kukhala nkhoswe ya mamishoni. Mapemphero ndi timautumiki ta m'nyumba yotsekedwa tinakoka mitima ya anthu m'mayiko amene iye sanapondemo.

Chimodzimodzinso pa parishi yathu. Misa ya Lamulungu ikakoma, kumbukirani amayi amene anasesa ndi kukolopa Loweruka, oyimba amene anabwereza nyimbo imodzi mpaka mawu kusasa, ndi aphunzitsi a katekisimu amene salandira kanthu. Mphepo yozizira imene timaimva Lamulungu imachokera kwa iwowa.

Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, potichenjeza kuti tisamakopeke ndi zakunja. Chenjezo lomwelo litithandizenso kufunsa chimene chikugwira ntchito m'kati tisanatame kapena kunyoza chinthu chatsopano, kaya ndi katundu, chibwenzi kapena chiphunzitso.

Sabata ino aliyense asankhe ntchito imodzi imene palibe adzamuombere m'manja: kupemphera kolona m'chipinda mwake, kuwerenga ola limodzi foni itazimitsidwa, kapena kutungira madzi agogo a pafupi. Aichite mokhulupirika mpaka Lamulungu, ndipo Atate amene amaona zobisika adzaidalitsa.

Maria Woyera wa ku Nazarete, mutipempherere ife.