Kodi Mano a Mwana Tiziwaona Tsiku Lowazula Lokha?

Fikani pa sikelo ya ana ku Mtakataka kapena ku Golomoti m'mawa. Mlangizi wa zaumoyo amukoleka mwana pa sikelo, amuyeza mkono ndi kalamba kamitundu, alemba m'buku, kenako amudonthezera vitamini A. Mwana wayasamula, m'kamwa muli poyera. Kodi alipo amene amasuzumiramo? Kukweza mlomo wam'mwamba wa mwana ndi chala sikutha ngakhale mphindi imodzi. Timawanga toyera ngati choko m'mbali mwa nkhama ndiye chiyambi cha kuwola, ndipo pamenepo dzino lingapulumuke. Nanga m'buku la sikelo, momwe timalembamo kulemera ndi katemera yense, n'chifukwa chiyani nkhani ya mano imasiyidwa ngati si ya thupi lomwelo?

Kwathu kuno mwana amakumana ndi wa mano tsaya litatupa kale. Wagona masiku atatu akulira, mayi amumanga mpango kuchibwano, panado watha, madzi amchere alephera. Ndi pamene bambo amasaka ya kabaza, kaya kupita ku Mua, kaya kukwera Khwekhwerere mpaka ku boma la Dedza. Akafika, dzino limakhala litafika poti palibenso chochita, kungozula basi. Mwanayo amabwerera ndi thonje m'kamwa komanso mantha amene adzakula nawo. Kodi ndalama ya ulendo umenewu ikanagula miswachi ingati?

Makolo ambiri timadzitonthoza kuti ndi mano a mkaka, aguluka okha. Inde, mano 20 oyambawo amaguluka. Koma mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kuguluka. Limabwera mwakachetechete, ndiye kholo limaliyesa la mkaka, chonsecho ndi la moyo wonse. Likawola n'kuzulidwa, silimeranso. Kodi ndi makolo angati amene anauzidwapo zimenezi? Mano a mkakawonso ali ndi ntchito: mwana amatafunira, amaphunzirira kulankhula, ndipo amasungira malo anzawo amene akubwera. Akachoka msanga, atsopanowo amamera mothithikana. M'mera mpoyamba, ngakhale m'kamwa.

Ndipo tisanamizane, chomwe chikudya mano a ana athu tikuchidziwa. Kunsi kwa phiri kuno dzuwa limaotcha, ndiye mwana akapatsidwa kandalama amathamangira mafilizesi pa geti ya sukulu. Pa buleki maswiti, poweruka bisiketi, kunyumba Sobo kapena tiyi wa shuga wambiri, wakhanda nayenso akugona botolo lotsekemera lili kukamwa. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo kukhala asidi amene amasungunula dzino, ndipo choopsa kwambiri n'kudya zotsekemera pafupipafupi tsiku lonse, dzino osapuma. Amayi ogulitsa pa geti akusaka ya sopo, sitikuwaweruza. Koma kodi makomiti a sukulu anakhalapo pansi kukambirana zomwe zikugulitsidwa pamenepo? Mango, nthochi ndi mtedza zikusowa kuno?

Boma silinagone kotheratu, tivomereze. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu ya madokotala a mano. Ntchito yaikulu inali m'manja mwa anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Mu 2019 maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine, yomwe lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu pulojekiti ya MalDent. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa, yomwe imatsindika kupewa. Chaka chomwecho, makina opanga magetsi a dzuwa okwana 20 megawatts anayamba ntchito pa Golomoti pompano. Makinawo aliyense wodutsa amawaona ndi maso. Nanga ndondomekoyo mwana wa Sitandade 1 ku Golomoti aionera pati? Madokotala atsopanowo adzatsika phiri, kapena onse adzatsalira ku Lilongwe ndi ku Blantyre?

Sitikupempha zosatheka. M'mbali mwa nyanja muno ana amafoletsedwa kusukulu kuti amwe mankhwala a likodzo, ndipo zimatheka. Chikuletsa n'chiyani kuti pa mzere womwewo, kamodzi kapena kawiri pa chaka, wa mano abwere ndi tochi, kagalasi ndi magulovesi, aone mwana aliyense, alembe wofunika thandizo dzino lisanayambe kupweteka? Chikuletsa n'chiyani kuti alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kukweza mlomo pa sikelo? Ku Scotland, komwe anzathu a MalDent amachokera, ana a m'sukulu za mkombaphala amatsuka mano limodzi tsiku lililonse mphunzitsi akuyang'anira, ndipo kuwola kwa mano kunachepa. Pa sukulu imene ana amamwa phala, kodi mswachi sungabwere pambuyo pa kapu?

Palinso za madzi. Fluoride pang'ono amalimbitsa mano, koma akapitirira 1.5 mg pa lita, muyezo wa bungwe la WHO, amasiya mawanga ofiirira osachoka. M'madera ena a chigwa chomwe nyanja yathu ilimo, mijigo ina imapitirira muyezowu. Khonsolo ya Dedza iyeze mijigo ya m'dera la Kachindamoto, ndipo iuze eni ake zotsatira.

Kwa inu mayi, bambo ndi agogo, musadikire kuti a ku boma ayambe. Dzino loyamba likangotuluka, mwana ali ndi miyezi ngati 6, yambani kulitsuka kawiri pa tsiku, makamaka pokagona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride: kakang'ono ngati njere ya mpunga asanakwane zaka 3, ngati nsawawa akapitirira. Alavule, koma asachukuche ndi madzi. Mpaka afike zaka 7 kapena 8, dzanja lanu lizimuthandiza. Madzulo ano muitaneni mwana wanu, ayasamule, muunike ndi tochi ya foni mpaka kumbuyo. Mukaona kabowo kapena kawanga, pitani naye kuchipatala sabata ino, asanayambe kulira.