KwaMashu si kokaonetsera thiraki ya bwana

Abale a pamsewu, ndilankhule ngakhale ena mukwiye. Chizolowezi chopatuka pa N2 ndi thiraki yodzaza katundu n'kukalowa KwaMashu kuti mukajambulitse "kwa Nkunzi" chithe.

Uzalo tonse timaikonda, yakhala ikuonetsedwa pa SABC1 kuyambira 2015. Koma KwaMashu si siteji. Ndi lokeshoni ya ku Durban, kumakhala anthu enieni, ana amasewera m'misewu yoti thiraki yokoka ngolo singatembenukemo. Zambiri za m'nyumba zimene mumaona pa TV amajambulira mu situdiyo. Geti limene mwaimapo n'kumamwetuliralo mwina ndi la agogo ena omwe simunawapatse ndi moni womwe. Mlendo atafika ku Ndirande kapena ku Chawama n'kumajambula khomo lanu, mungasekerere?

Ena mumati moyo ndi kamodzi. Chabwino, koma tracker sigona. Bwana akuona pafoni kuti mwasiya njira, ndipo katundu akabedwa a inshuwalansi adzafunsa kuti kumeneko mumakatani. Ntchito n'kuthera pa chithunzi cha pa Facebook. Inunso amayi a geni, ndalama za oda ndi pasipoti zili m'chikwama chimodzi, foni m'mwamba pamsewu wosaudziwa, mukuyesa chiyani?

Sindikuti musapiteko. Tsitsani kaye katundu, thiraki muisiye pamalo otetezeka, ndalama musatenge. Pezani munthu wa komweko akuperekezeni masana, ndipo muzipempha musanajambule. Safunsa anadya phula.