Pabanja Pathu: Mpatseni Kamba Asanatsike M'chigwa

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira m'dziŵe limodzi. Mwambi umenewu ngwosavuta kuutchula, koma ngwolemera pamene mwana wanu, mwamuna wanu kapena mlongo wanu abwera nanena kuti afuna kukayenda pansi masiku asanu m'chigwa cha miyala, kutali ndi mudzi ndi chipatala chomwe. Ena a ife tikamva zotere timakaniza ndi mkwiyo, ena timangoti, “Zako zimenezo.” Njira ziŵiri zonsezi sizithandiza wapaulendo. Mwezi uno tiyeni tione ulendo umodzi wotere, kuti tidziŵe ntchito ya ife otsala. Pakuti munthu akatsika m'chigwa chakuya dzanja lathu silingamfikire, ndipo chimene sitidampatse asanatsike sitingathe kumtumizira pambuyo.

Kumwera kwa dziko la Namibia kuli mtsinje wotchedwa Fish River. Madzi ake, pamodzi ndi kung'ambika kwa nthaka kalekale, adasema chigwa chotalika makilomita 160, chimene pena chimatambalala makilomita 27 ndipo pena chimazama mamita 550. Ndi chimodzi mwa zigwa zazikulu kopambana mu Africa. Anthu amatsikira m'menemo pafupi ndi malo otchedwa Hobas, nayenda motsata mtsinje mpaka kukatulukira ku Ai-Ais, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, kwa masiku anai kapena asanu. Mtundawu ukufanana ndi wochokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza. Koma chotsanipo mseu, golosale, mjigo ndi nyumba zonse, muikepo mchenga wotitimira, miyala yaikulu yoti munthu akwere ndi manja, ndi mtsinje woti auoloke kambirimbiri. Wapaulendo amasenza yekha chakudya chake chonse ndi zofunda zake, amagona pamtetete, ndipo foni yam'manja siigwira m'katimo. Wina akathyoka mwendo, kumtulutsa ndi ntchito yaikulu ndi yodula.

N'chifukwa chake oyang'anira malowa adaika malamulo, ndipo banja lichita bwino kumvetsa chifukwa cha lamulo lililonse. Njirayi imatsegulidwa kuyambira mwezi wa Meyi mpaka pakati pa Sepitembala, pakuti m'miyezi yotentha kutentha kwa m'chigwamo kumapitirira madigiri 45, ndiponso mtsinje ukhoza kudzaza mwadzidzidzi. Anthu saloledwa kutsika ngati ali ochepera atatu. Nzeru yake njakuti mmodzi akavulala, wachiŵiri akhale naye, wachitatu akaitane thandizo. Ana osafika zaka 12 saloledwa. Aliyense ayenera kuonetsa kalata yatsopano ya dokotala yotsimikiza kuti thupi lake lingapirire. Chiŵerengero cha otsika pa tsiku nchoŵerengeka, kotero malo amasungitsidwa miyezi yambiri pasadakhale ku bungwe la Namibia Wildlife Resorts.

Tsono ntchito yoyamba ya banja ndiyo kunena zoona pa za umoyo. Dokotala amaona munthu kwa mphindi zochepa, koma mkazi amadziŵa kuti mwamuna wake amapuma mobanika akakwera kamtunda, ndipo mai amadziŵa bondo limene mwana wake adagwera ali wamng'ono. Ngati pali matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena vuto la mtima, musathandize wokondedwa wanu kubisa kuti apeze kalata. Pitani naye limodzi, zonse zinenedwe, dokotala aŵeruze. Madzi akatayika saoleka. Komabe dokotala akavomera, lekani kumuopseza ndi nkhani za imfa tsiku ndi tsiku. Munthu wotsika ndi mtima wogaŵikana amaponda molakwa.

Ntchito yachiŵiri ndiyo kukonzekera naye limodzi. Miyendo yozoloŵera minibasi siingasinthe m'sabata imodzi. Pafunika miyezi ingapo yoyenda mitunda yaitali ndi chikwama cholemera kumsana. Kwa amene ali kuno kwathu, mapiri a Dedza, Nkhoma, Zomba ndi Mulanje ndi sukulu yokwanira yophunzirirapo kukwera ndi kutsika. Mperekezeni Loŵeruka lina. Mukalephera, mtengereni ntchito zake zapakhomo tsikulo kuti apite ndi mtendere. Onetsetsani kuti nsapato zimene adzavale wayenda nazo kale masiku ambiri, popeza nsapato yatsopano imabala matuza, ndipo thuza la tsiku loyamba limasanduka chilonda pofika tsiku lachitatu. Nkhani ya ndalama nayonso ikambidwe poyera. Ulendo wolipiridwa ndi ndalama ya fizi ya ana kapena ya feteleza udzasiya chilonda m'banja ngakhale woyendayo abwere wamoyo.

Ntchito yachitatu ndiyo kamba. Chikondi cha amai chimafuna kudzaza chikwama, koma pano chikondi chiyenera kuyezedwa pa sikelo. Ozoloŵera maulendoŵa amalangiza kuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwa mwini wake. Ndiye kuti munthu wa makilogalamu 60 asasenze zoposa makilogalamu 15. Sankhani zouma ndi zopatsa mphamvu: mtedza wokazinga, chiponde, mpunga, ufa wa phala, mkaka wa ufa, shuga ndi mchere. Madzi amatungidwa m'mtsinje ndi m'maiŵe ake, choncho ayenera kuŵiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala asanamwedwe. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndipo womwa madzi ochuluka osadya kanthu amafooka ndi kuzunguzika mutu. Muikireni timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga, ndipo mphunzitseni muyeso wake ngati tamuthera: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Musaiŵale chipewa cha dzuŵa, mabandeji, mankhwala ake a masiku onse, ndi chofunda chotentha, pakuti m'chipululu usana umaotcha koma usiku umazizira koopsa.

Ntchito yachinai ndi imene ambiri amaiiŵala, ndiyo kupangana za masiku a chete. Asananyamuke, lembani pa pepala tsiku lotsika, tsiku loyembekezeka kutuluka, maina a anzake, nambala za ofesi ya ku Hobas ndi ya ku Ai-Ais, ndiponso za inshuwalansi yolipirira chipatala. Gwirizanani tsiku ndi ola limene, ngati simunamve mau ake, mudzaimbire oyang'anira. Nthaŵi imeneyo isanakwane, kusamva kanthu sikutanthauza tsoka. Ndimo ulendowu umakhalira. Munthu mmodzi m'banja ndiye asunge pepalalo ndi kulankhula m'malo mwa onse, kuti agogo asadwale ndi mphekesera za anthu osadziŵa kanthu. Ana aang'ono aonetseni mapu, muŵauze kuti lero atate agona pakuti, maŵa adzadutsa pa akasupe otentha pamene pali mitengo ya kanjedza. Nkhaŵa imachepa pamene munthu adziŵa chimene akudikira.

Mabanja ena amatha kuperekeza mpaka ku Namibia komweko. Ameneŵa ali ndi mwaŵi woimirira m'mphepete mwa chigwa ndi kuona anthu awo akutsika phompho loyamba, pamene pena pali maunyolo ogwirira, mpaka asanduke ngati nyerere. Pambuyo pake amazungulira ndi galimoto pa mseu wafumbi kukadikira ku Ai-Ais. Dzina limeneli ndi la chilankhulo cha Anama, ndipo limanena za madzi otentha kwambiri, chifukwa pamalopo pali akasupe otentha m'mene oyenda amaviikamo miyendo yawo yotupa. Wodikira akonze zovala zoyera, patapata, chakumwa chozizira ndi chakudya chophika. Asalole wotopayo kuyendetsa galimoto tsiku lomwelo. Ndipo asathamangire kumuuza mavuto onse amene adagwa pakhomo; ayambe wamva nkhani zake, pakuti munthu wochokera kutali amafuna khutu koposa mbale.

Pali mau ena ofunika kuŵanena chikwama chisanamangidwe, ndiwo akuti, “Ukaona kuti thupi lakana, tuluka, kuno tidzakulandira chimodzimodzi.” M'chigwamo muli tinjira toŵerengeka totulukira pangozi, koma munthu woopa kusekedwa kwao amatipitirira, nakakamira kuyenda pamene mutu ukuŵaŵa, miyendo ikukokana ndipo thukuta laleka kutuluka. Zizindikiro zoterezi zimafuna mthunzi, madzi ndi thandizo lamsanga. Wachinyamata amene adziŵa kuti atate ake sadzamnyoza chifukwa chobwerera panjira amasankha mwanzeru pa ola loipa. Mau ameneŵa salemera kanthu pa sikelo, koma akhoza kupulumutsa moyo.

Kwa inu achinyamata tikuti: mantha a makolo anu musaŵayese umbuli. Iwo adakusenzani musanathe kuyenda, ndipo n'kosatheka kuti amve za phompho la mamita 550 mtima uli m'malo. Musaŵauze za ulendo usiku woti maŵa munyamuka. Khalani nawo pansi nthaŵi ikalipo, muŵaonetse mapu, kalata ya dokotala ndi maina a anzanu, muyankhe mafunso awo mosanyinyirika, ndipo mukangotuluka m'chigwa, foni yoyamba ikhale yawo.

Mutu umodzi susenza denga. Ulendo wa makilomita 85 umayendedwa ndi miyendo iŵiri, koma umakonzedwa ndi banja lonse: uyu waperekeza kwa dokotala, uyo wakazinga mtedza, wina wasunga pepala, winanso wadikira ndi zovala zoyera. Banja lochita chotere silikaniza mwana wa ng'ona kuona maiŵe ena, ndiponso silimtaya. Tidzachezanso mwezi wamaŵa.