Katundu Tinagula Ndife, Lamulo Likuchokera Kwina

Ife amene timadyera pa makompyuta ndi mafoni tili ndi dandaulo, ndipo takhala nalo kukhosi nthawi yaitali. Ena timalembera anthu makalata pamsika, ena timasindikiza makhadi a ukwati ndi a zinkhoswe, ena ndife aphunzitsi ndi ophunzira, ena timangokonda kumasula makina ndi kuwamanganso. Tonsefe tikuona chimodzi. Chinthu umagula ndi thukuta lako, lisiti uli nayo m'thumba, koma tsiku loti chileke kugwira ntchito amakhazikitsa ndi munthu wina amene ali kutsidya kwa nyanja.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Mipata imene akuba a pa intaneti ndi mavairasi amaloweramo siikutsekedwanso monga kale, pokhapokha munthu atalembetsa kuti amuwonjezere chaka chimodzi. Akuti tisamukire ku Windows 11. Koma Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel imafuna a m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, amene anayamba kutuluka mu 2017. Nanga ambirife tili ndi zotani? Malaputopu athu ndi a kaunjika, otsika m'maofesi a ku Ulaya, ena odzera ku Dubai. Amayaka bwinobwino, amalemba, amasindikiza, ana amachitirapo ntchito za kusukulu. Palibe chimene chathyoka. Akatswiri a kampani ya Canalys anayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni padziko lonse akhoza kutayidwa chifukwa cha kusinthaku. Amene ali ndi ndalama agula atsopano. Ife tizingogwiritsa ntchito omwewa, mtima uli m'mwamba.

Mapulogalamu nawo asanduka a lendi. Kale munthu unkagula kamodzi, n'kuika pa kompyuta, basi wathana nazo. Mu 2013 kampani ya Adobe, eni ake a Photoshop, inalengeza kuti mapulogalamu ake atsopano azilipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo makampani ena ambiri anatengera njira yomweyo. Mitengo yake amaiika mu ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, lendi ija inakwera usiku umodzi pamene makasitomala athu akulipirabe mtengo wakale. Ngakhale ndalamayo uipeze, kupeza madola oti ulipirire ndi nkhondo ina. Mapeto ake anthu amathamangira mapulogalamu obedwa a pa fulashi, amene amabwera ndi mavairasi, n'kuwononga zithunzi zaukwati wa eni ake. Palibe amene amanyadira zimenezi. Anthu amafikako chifukwa khomo lolungama ndi lotseka.

Tikatsegula makinawo mkati, mtima umawawa kwambiri. Batire yomatidwa ndi guluu. Memore yowotchereredwa, yoti sungawonjezere. Timasikuluwu tachilendo tofuna sikuludiraiva yakeyake. Amisiri athu a mumsika wa Lilongwe, ku Limbe ndi ku Mzuzu ali ndi luso lodabwitsa, amaukitsa foni imene mwini wake anaitaya kale mtima. Koma luso lingathandize chiyani pamene chinthucho anachipanga dala kuti chisatsegulidwe? Sikuti tikungoganizira anthu zoipa. Mu 2020 dziko la France linalipiritsa kampani ya Apple chindapusa cha mayuro 25 miliyoni chifukwa sinauze ogula kuti kusintha kwina kwa pulogalamu kunkachedwetsa ma iPhone akale. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 mokha dziko lapansi linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni. Kwathu kuno zambiri zimathera kudzala kapena pamoto, utsi wake n'kumapuma ana athu.

Madzulo tikatopa ndi zonsezi timakhala pa bawo, ndipo pamenepo mpamene timaona chimene tikusowa. Bawo ili ndi mabowo 32 ndi nkhomo 64. Thabwa limene anasema agogo likuseweredwabe lero ndi zidzukulu. Nkhomo ikatayika timatola kamwala, masewera n'kupitirira. Thabwa likang'aluka mmisiri aliyense amalikonza, likasowa timakumba mabowo pansi. Malamulo ake aliyense amawadziwa asanakhale pansi, ndipo wofuna kuwasintha masewera ali mkati amadzudzulidwa ndi oonerera omwe. Sitikupempha kuti kompyuta ikhale yophweka chonchi ayi. Tikupempha chilungamo chomwechi: chimene tagula chikhale chathu, tichikonze tikafuna, ndipo malamulo asasinthe titalipira kale.

Ena amati izi si nkhani za ndale. Ndi ndale zenizeni, chifukwa kumene opanga malamulo analimba mtima makampani anagonja. Mayiko a European Union analamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni onse atsopano azigwiritsa ntchito chaja ya mtundu umodzi, USB-C, ndipo Apple inali itasintha kale pa iPhone 15 mu 2023. Ku France, kuyambira 2021, mafoni ndi malaputopu amagulitsidwa ndi chizindikiro chosonyeza ngati n'ngosavuta kukonza. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linaganiza zosamutsira makompyuta ake pafupifupi 30,000 ku LibreOffice ndi Linux, mapulogalamu aulere. Ngati olemera akuwerengera ndalama zawo chonchi, kuli bwanji ife?

Njira ilipo ndithu. Ubuntu, imene anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndi Linux Mint, zomwe ndi mitundu ya Linux, zimayenda bwino pa makompyuta omwe Windows 11 ikuwakana. Koma m'sukulu ndi m'maofesi ambiri, kudziwa kompyuta kumatanthauzabe kudziwa katundu wa kampani imodzi. Wosamukira ku pulogalamu yaulere amaoneka wachilendo, fayilo yake amaibweza.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tayankhula. Aphungu athu, a MACRA, a Malawi Bureau of Standards ndi a Competition and Fair Trading Commission, nkhaniyi ndi yanu. Ikani malamulo oti wogulitsa azinena poyera ngati kompyuta ingalandire mapulogalamu atsopano. Chepetsani msonkho pa zida zokonzera, kuti kukonza kutsike mtengo kuposa kutaya. Ana aphunzitsidwe mapulogalamu aulere kusukulu, ndipo maofesi a boma azilandira mafayilo ake. Inunso anzathu, musataye laputopu yoti ikuyaka. Pitani nayo kwa mmisiri, akuikireni Linux, muigwiritse ntchito mpaka idzatope yokha.