Mwala wa ku Kangankunde Usatidutse Ngati Thonje

Ife a kuno ku Marka, pachipata cha dziko kunsi kwa Nsanje, tidazoloŵera kuona chuma chikungotidutsa. Makolo athu adalima thonje m'Chigwa cha Shire, njanji nkulinyamula kupita nalo ku Beira, iwo nkutsala ndi makasu okutha. M'chaka cha 2010 tidaombera m'manja doko la ku Nsanje, koma ntchito yake sitidaione. Nchifukwa chake tikamva za mwala wa ku Kangankunde, mtima sukhala pansi.

Kangankunde ndi phiri la m'boma la Balaka. M'menemo muli mwala wobiriŵira wotchedwa monazite, umene supezeka wochuluka chotere m'maiko ambiri. Mwalawu uli ndi zitsulo zosoŵa, neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. M'chaka cha 2022 kampani ya Lindian ya ku Australia idagwirizana zogula mgodiwo pa madola 30 miliyoni. Wina anganene kuti Balaka nkutali. Kutali bwanji, pamene akatswiri adafufuza kale zitsulo zomwezi paphiri la Salambidwe ku Chikwawa, ndiponso adayesa mchenga wa kwa Tengani?

Tikumbukire za ku Karonga. Mgodi wa uranium wa Kayelekera udatsegulidwa m'chaka cha 2009, nuima m'chaka cha 2014. Pangano lake lidakhala lobisika. Gawo la boma pa malonda, limene lamulo linkati ndi 5 pa 100 iliyonse, lidatsitsidwa kufika pa 1.5 m'zaka zoyamba. Bungwe la ActionAid lidaŵerengera m'chaka cha 2015 kuti Malaŵi adataya madola 43 miliyoni pa zaka 6. Taganizani, inu amene mudagona m'misasa ku Bangula madzi atasefukira: ndalama zimenezo zikadamanga milambala ingati? Akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Alipo otilangiza kuti tikhale chete, kuti tingaopseze alendo obwera ndi chuma. Ai ndithu! Mlendo woona mtima saopa kuŵala. Sitikukana mgodi, ana athu akufuna ntchito. Tikukana pangano lolembedwa kuchipinda, pamene mwini munda ali panja.

Aphungu athu a ku Nsanje ndi Chikwawa, imani m'Nyumba ya Malamulo mufunse: boma lilandira zingati, madzi otsukira miyala atayidwa kuti, osamutsidwa alipidwa bwanji? Ndipo pangano lililonse lokhudza nthaka ya Chigwa chino lidzaŵerengedwe pabwalo la mfumu, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, thalakitala isanaloŵe m'munda mwa munthu.