Zouluka usiku: asilikali tiyankheni gogo asanagendedwe

Mwezi wathawu ndinagona kwathu kwa Kasisi. Kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa, ndiye tonse tinayala mphasa pabwalo. Chakumadzulo mwana wa mlongo wanga anakuwa: "Amalume, taonani!" Timagetsi tambirimbiri tinali kuyenda mumzere ngati linthumbu, popanda phokoso, kuchokera cha ku Majete kulowera kumapiri a Thyolo.

Mmene kumacha, nkhani inali itapsa kumjigo. Akuti inali ndege ya afiti, ndipo dzina la gogo wina wamasiye linali litayamba kale kunong'onedwa. Chonsecho anali masetilaiti a Starlink, omwe amaoneka mondondozana chotero akangoponyedwa kumene m'mwamba. Ndikanapanda kuonetsa anthu zithunzi pafoni, kaya gogoyo zikanamuthera bwanji.

Funso langa ndi ili: munthu wakumudzi akaona chachilendo mumlengalenga, akanene kwa yani? Amfumu nawonso sakudziwa. Akauza ophunzira am'tauni, amufunsa kuti kachasu wake anamwera kuti. Nanga asilikali a MDF, omwe ntchito yawo ndi kuteteza dziko lino pansi ndi m'mwamba momwe, khomo lawo lolandirira nkhani zotere lili kuti?

Amene akuseka amve izi. Asilikali a ndege a dziko la America anali ndi ofesi yotchedwa Project Blue Book kuyambira 1952, yomvetsera alimi, oyendetsa ndege ndi amayi apakhomo omwe anaona zachilendo mumlengalenga. Poitseka mu 1969 anali ndi malipoti 12,618, ndipo 701 okha ndiwo anakanika kuwamasulira. Ambiri mwa enawo anapezeka kuti anali ndege, mabaluni, nyenyezi ndi zina zodziwika. Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri chinali Soviet Union, ndipo ankadziwa kuti maso a anthu wamba amafika kumene makina safika.

Musaganize kuti kuno kumwamba kulibe zogwa. Pa 22 January 1981 ku Machinga kunagwa chimwala cha makilogalamu 93 kuchokera mumlengalenga. Pa 30 December 2024 chitsulo chozungulira cha makilogalamu pafupifupi 500 chinagwera m'mudzi wa Mukuku ku Kenya. Boma linatchinga malowo, linachitenga, kenaka linauza anthu kuti chinachoka pa roketi. Onjezerani madroni, omwe Malawi anawatsegulira njira yoyeserera ku Kasungu mu 2017. Ena amanyamula mankhwala, ena amajambula madzi osefukira. Nanga ngati droni ina yalowa kuchokera kutsidya kwa malire, pomwe Mozambique ili pafupi chonchi, adzayamba kuiona ndani? Si mlonda wa kumunda wa chimanga kudimba?

Boma likakhala chete, mphekesera ndiyo imakhala mfumu. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inapha anthu osachepera 8 m'maboma a kummwera, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Anthu amene anapha anzawo aja sanali amisala. Anali ndi mantha, ndipo yankho lomveka linafika maliro ataikidwa kale.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti tili ndi njala, ndalama zosakira nyali zakumwamba zichokera kuti? Sindikupempha ndege zankhondo. Ndikupempha nambala imodzi yaulere, asilikali angapo ophunzitsidwa kufunsa mwaulemu kuti chinaoneka nthawi yanji, mbali iti, chinatenga mphindi zingati, ndi mgwirizano ndi akatswiri a zanyengo komanso a zamaulendo apandege. Yankho lizilengezedwa pawailesi m'Chichewa ndi m'Chisena tsiku lisanathe. Chikawakanika, anene poyera kuti chawakanika, koma asachitsekere m'kabati n'kumati ndi chinsinsi cha chitetezo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mwambiwu timakonda kuponyera mlimi, koma lero ndikuupereka kwa akuluakulu a asilikali. Gogo uja wa kwa Kasisi anapulumuka chifukwa foni yanga inali ndi moto usiku umenewo. Moyo wa munthu usamadalire batire ya mlendo.